Mtsogoleri wa Ntchito ya Chitukuko: Kapitawo wa Thangata Kapena Mtumiki wa Eni Ntchito?

Mau kwa akhristu ndi atsogoleri a makomiti a chitukuko m'dera la Bvumbwe



1. Mau oyamba

Tikamakamba za ulamuliro wabwino, maso athu amathamangira ku Lilongwe, ku Nyumba ya Malamulo ndi ku Capital Hill, ngati kuti ulamuliro umakhala kumeneko kokha. Koma ulamuliro umene munthu wa ku Bvumbwe amakumana nawo tsiku ndi tsiku uli m'manja mwa anthu khumi kapena khumi ndi awiri amene tidawasankha tokha pansi pa mtengo kuti ayang'anire ntchito yomanga chipinda chophunziriramo, mlatho, mjigo, nyumba ya aphunzitsi kapena denga la tchalitchi.

Dziko lathu lidavomereza kale mfundo imeneyi. Kuyambira 1995, ntchito za MASAF zidayamba kupereka udindo woyendetsa mapulojekiti kwa makomiti a m'midzi. Mu 1998 kudabwera lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu, ndipo makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC adakhala njira yoti zofuna za m'mudzi zifikire ku khonsolo. Mu 2006 kudayamba thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, limene pofika 2022 lidakwana K100 miliyoni pa dera lililonse.

N'zomvetsa chisoni kuti pamene ndalama ndi makomiti zachuluka, zipupa zopanda denga nazonso zachuluka. Tonse tidaonapo maziko omera udzu, mlatho umene udapita ndi mvula yoyamba, ndi mjigo umene udafa chaka chisanathe. Nthawi zina vuto limakhala umphawi weniweni. Koma kawirikawiri ndalama zidalipo, anthu ofuna kugwira ntchito adalipo, chidasowa ndi utsogoleri. Choncho lero tilingalire pamodzi funso limodzi: kodi munthu amene wapatsidwa gulu la anthu ndi ntchito yoti aimalize, alitsogolere bwanji gululo?

2. Mau amodzi, matanthauzo awiri

Kuno ku Thyolo tili ndi mbiri imene ingatiyankhe. Makolo athu adali ndi mau akuti thangata. Poyamba mauwa adali okoma. Munthu akachulukidwa ndi ntchito ya kumunda, anzake ankabwera kudzamthangata, iye n'kuwakonzera chakudya, akudziwa kuti mawa iyenso adzapita kukathangata iwo. Koma kuyambira zaka za m'ma 1890, pamene boma la atsamunda lidapereka zikalata za umwini wa malo kwa eni maesiteti, mau omwewo adasanduka goli. Wokhala pa malo a esiteti ankakakamizidwa kugwira ntchito m'malo mwa lendi. Masiku ake ankalembedwa pa tikiti, ndipo popeza wolemba tikitiyo adali wa esiteti, mwezi wa thangata unkatha kutalika kuposa mwezi wa pa kalendala. Abale athu achilomwe ochokera ku Mozambique, amene adalibe malo ena othawirako, ndiwo adamva kuwawa kwambiri. Thangata adali pakati pa madandaulo amene adabala kuukira kwa John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915, ndiponso zipolowe za kuno ku Thyolo mu Ogasiti 1953, pamene anthu 11 adaphedwa. Lamulo lidathetsa thangata mu 1962.

Tsono taonani: khasu lidali lomwelo, dzuwa lomwelo, thukuta lomwelo. Chidasandutsa kuthandizana kukhala ukapolo ndi zinthu zitatu: amene ankaganiza ntchito, amene ankasunga chiwerengero, ndi amene ankadya phindu. Pa thangata wa makolo zitatuzi zidali m'manja mwa onse. Pa thangata wa atsamunda zidali m'manja mwa mmodzi.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Mtsogoleri aliyense wa pulojekiti amasankha thangata amene akufuna. Akaganiza yekha, n'kusunga mabuku yekha, n'kudyerera yekha, anthu amene akuumba njerwa ndi kututa mchenga amazindikira msanga kuti abwerera ku masiku a tikiti, ndipo amachita zimene agogo awo ankachita: kufika mochedwa, kugwira ndi dzanja limodzi, kenaka kusowa. Sindikunyoza akapitawo a masiku ano, amene ambiri ali pakati pathu ndipo amadyetsa mabanja awo ndi ntchito yolungama. Ndikunena za mtima wa ukapitawo wa thangata, umene umaona anthu ngati manja chabe.

3. Ntchito idziwike isanayambe

Udindo woyamba wa mtsogoleri ndi kuonetsetsa kuti gulu lonse likudziwa chimene likumanga. Ngati ntchito singafotokozedwe ndi mau ochepa omveka kwa agogo osadziwa kuwerenga, ndiye kuti sinapse. Kunena kuti tikufuna kutukula sukulu yathu n'kosakwanira. Kunena kuti timanga zipinda ziwiri, zofolera ndi malata, zokhala ndi mabenchi, ndipo zithe mvula isanagwe, n'kumene kumapatsa aliyense muyeso woti ationere ngati tachita kapena talephera.

Chachiwiri ndi mtengo wake. Ambuye Yesu, pa Luka 14, amatikumbutsa kuti wofuna kumanga nsanja amayamba wakhala pansi n'kuwerengera, kuopa kusekedwa atalekeza pa maziko. Komiti ikhale pansi ndi mmisiri wodziwa, ilembe matumba a simenti, malata, misomali, matabwa, kwale, mayendedwe ndi malipiro a amisiri. Isaiwale kuti mitengo siima. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makomiti ambiri amene adasunga ndalama podikira adapeza kuti sizikugulanso katundu amene adawerengera. Motero bajeti yanzeru imapatula kandalama ka zogwa mwadzidzidzi, ndipo katundu wosaonongeka msanga, monga malata, amagulidwa ndalama zikangofika.

Chachitatu ndi nyengo. Mtsogoleri wa kuno ayenera kudziwa kalendala ya anthu ake. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, ambiri ali kothyola masamba m'maesiteti, otsala ali kopalira ndi kubandira m'timinda tawo. Kuitanitsa anthu ku chitukuko nthawi imeneyo ndi kuwauza kuti asankhe pakati pa sukulu ndi nsima ya ana awo. Ntchito ya manja ambiri iyenera kugwa m'chilimwe, pokumbukiranso kuti chiperoni cha Juni ndi Julayi chimaononga njerwa zosauma. Ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, amene adapha anthu oposa 600 m'dziko muno ndi kusowetsa ena mazanamazana, adatiphunzitsa kuti funso lakuti timange pati, ndiponso molimba bwanji, ndi funso la moyo ndi imfa.

Pomaliza, ntchito yaikulu idulidwe m'zigawo: maziko, zipupa, denga, pulasitala. Akatswiri a pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Bvumbwe sauza dziko lonse kuti libzale mbewu yatsopano asanaiyese pa kachigawo kakang'ono ndi kulemba zotsatira. Ifenso tisamalipire chigawo chachiwiri tisanayendere choyamba ndi kukhutira nacho.

4. Kusankha anthu ndi kugawa ntchito

Mutu umodzi susenza denga. Mwambiwu tonse timaudziwa, koma atcheyamani ambiri amaunena pa msonkhano, n'kukasenza okha denga msonkhano utatha. Iwo omwewo ndiwo apita ku banki, iwo omwewo agula simenti ku Limbe, iwo omwewo asunga makiyi. Ena amatero chifukwa cha dyera, koma ena chifukwa chosakhulupirira anzawo. Mapeto ake ndi amodzi: tcheyamani akadwala kapena akapita ku maliro, ntchito yonse imaima.

Pa Eksodo 18 timamva kuti Mose yemwe adagwa m'msampha umenewu, mpaka mpongozi wake Yetero adamlangiza kuti asankhe anthu odziwa ntchito, oopa Mulungu ndi odana ndi ziphuphu, awagawire milandu ing'onoing'ono, iye atsale ndi ikuluikulu yokha. Mu 1931 Papa Pius XI adaikanso mfundo yomweyi m'chiphunzitso cha Eklezia: chimene wamng'ono angathe kuchita yekha, wamkulu asamlande.

Posankha gulu, tiyang'ane luso ndi kukhulupirika, osati ubale, chipani kapena mpingo. Mlembi akhale wodziwa kulemba ndi wosunga zinthu mwadongosolo. Msungichuma akhale munthu amene mudzi wonse ungamsungitse mbuzi. Woyang'anira katundu akhale wokhala pafupi ndi malo a ntchito. Amayi, amene ndiwo amatunga madzi ndi kututa mchenga wambiri, asangokhala odzazitsa chiwerengero m'komiti, koma apatsidwe maudindo enieni, ngakhale wa pampando. Achinyamata odziwa masamu ndi foni atha kuthandiza kulemba ndi kujambula zithunzi za m'mene ntchito ikuyendera.

Pogawa ntchito, chinthu chilichonse chikhale ndi dzina la munthu ndi tsiku lake. Akulu adati mbewa zikachuluka siziika masa. Mau akuti tonse tiona za mchenga amatanthauza kuti palibe amene aone. Mlembi alembe kuti wakuti adzabweretsa ngolo zakuti pofika Lachinayi. Ndipo mtsogoleri akagawa ntchito aigawe pamodzi ndi mphamvu yake. Kupatsa munthu udindo kenaka n'kumasintha zonse zimene waganiza ndi kumuphunzitsa kuti asamaganize. Chimodzimodzi pa nkhani za luso: mmisiri akanena kuti thumba limodzi la simenti lifuna mawilibala akutiakuti a mchenga, tcheyamani asaonjezere mchenga kuti apulumutse ndalama, chifukwa m'chipindamo mudzakhala ana athu.

5. Sikelo ikhale poyera

Aliyense amene adathyolapo tiyi amadziwa zinthu ziwiri. Choyamba, muyeso wa tsamba labwino ndi wodziwika kwa onse: masamba awiri ndi nsonga. Chachiwiri, dengu limakwera pa sikelo mwini wake akuona, ndipo kalaliki amalemba makilogalamu pomwepo. Tayerekezani kuti kalaliki wanena kuti siyani madengu apa, tikayezera ku ofesi usiku. Ngakhale atakhala wolungama ngati mngelo, palibe angamkhulupirire.

Ndalama za pulojekiti zimafuna sikelo yotereyi. Nazi njira zosavuta zimene komiti iliyonse ingatsate.

Ndalama zisungidwe ku akaunti ya gulu, yokhala ndi osainira atatu, ndipo pasakhale munthu wotapa yekha. Zopereka za pa Airtel Money kapena TNM Mpamba zisamalowe m'nambala imene munthu amagulira ndiwo za kunyumba kwake. Pogula katundu wamkulu pakhale makoteshoni a masitolo atatu, ndipo komiti isankhe pamodzi. Wogula asakhale wosunga, wosunga asakhale wolemba. Thumba lililonse la simenti lolowa kapena lotuluka lilembedwe m'buku, wotenga asaine. Lisiti lililonse lisungidwe. Ngati mbale wa membala wa komiti akufuna kugulitsa katundu kapena kupatsidwa ntchito, membalayo anene poyera, atuluke pamene anzake akukambirana. Ndipo mwezi uliwonse, zolowa, zotuluka ndi zotsala ziwerengedwe pa msonkhano wa mudzi, pepala lake limatidwe pa khoma la sukulu kapena la tchalitchi.

Atsogoleri ena amakhumudwa ndi malamulowa, amati: kodi mukundiyesa wakuba? Ayi. Malamulowa amatchinjiriza munthu wolungama ku mabodza, ndi munthu wofooka ku mayesero. Paulo Woyera, potumiza zopereka ku Yerusalemu, adafuna kuti pakhale anthu osankhidwa ndi mipingo oyenda nazo, monga tiwerenga pa 2 Akorinto 8, kuti pasapezeke womkayikira. Malamulo a Eklezia a 1983 amalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi komiti ya zachuma yothandiza bambo mfumu, ndiponso kuti oyendetsa chuma azifotokozera akhristu za zopereka zawo. Ngati ife ansembe tili pansi pa lamulo lotere, tcheyamani wa mjigo asadzione wonyozedwa.

Tinene mosabisa za maalawansi. Dziko lidadzidzimuka ndi kubedwa kwa mabiliyoni a boma mu 2013, pa nkhani ya Cashgate. Lidadzidzimukanso mu 2021 pamene kafukufuku wa ndalama za boma adaonetsa kuti zina mwa K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19 zidathera m'maalawansi osayenera ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko. Tidakwiya, ndipo tidayenera kukwiya. Koma komiti imene imadya gawo lalikulu la ndalama za mlatho m'misonkhano, mathiransipoti ndi zakumwa ikuchita tchimo lomwelo pa muyeso wa m'mudzi. Nehemiya, amene adamanganso linga la Yerusalemu m'masiku 52, adakana kwa zaka 12 kulandira chakudya chimene abwanamkubwa am'mbuyo ankasonkhetsa, poona kuti anthu adali atalemedwa kale. N'chifukwa chake anthu adamtsata.

6. Mtsogoleri wa makutu

Gulu limayenda ndi misonkhano, ndipo limafa ndi misonkhano. Anthu athu ali ndi zochita: wina achokera ku esiteti atatopa, wina wasiya kabichi ndi tomato wake pa msika wa Bvumbwe. Msonkhano woitanidwa 2 koloko n'kuyamba 4 koloko umalanga osunga nthawi ndi kulemekeza ochedwa. Msonkhano wabwino umayamba pa nthawi yake, umakhala waufupi, ndipo umayankha mafunso atatu: tidagwirizana chiyani ulendo watha, tachita ziti, ndipo chikutitchinga n'chiyani.

Pokambirana, wapampando azilankhula pomaliza. Mwambo wathu wolemekeza akulu ndi wabwino, koma umachititsa kuti wamkulu akayamba wanena maganizo ake, ena onse angovomera ndi pakamwa, n'kukatsutsa ali pa njira. Mtsogoleri wanzeru amayamba wafunsa amene sakonda kulankhula: mayi wakhala kumbuyo uja, mnyamata wosakaniza simenti uja. Safunsa adadya phula.

Koposa zonse, mtsogoleri apange gulu limene munthu angabweretse nkhani yoipa osaopa. Akuluakulu pakati panu mukukumbukira masiku a chipani chimodzi, pamene aliyense ankauza womkulira kuti zonse zili bwino, ngakhale kunali njala. Kalata ya Aepiskopi athu imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idadzudzula mantha amenewo, amene ankatseka pakamwa anthu oona zolakwika. Mantha omwewo atha kukhala m'komiti ya anthu khumi. Ngati woulula kuti maziko apindika amakalipiridwa, mawa adzakhala chete, ndipo mudzadziwira pa mng'alu wa chipupa. Vuto lonenedwa pa maziko limakonzedwa ndi thumba limodzi la simenti, koma lobisidwa mpaka pa denga limagwetsa nyumba yonse.

Ndipo mtsogoleri asadalire malipoti okha. Nehemiya asananene kanthu kwa anthu adayamba wayendera yekha linga logumukalo. Tcheyamani amene nsapato zake sizidziwa matope a pa malo a ntchito sadziwa ntchito imene akutsogolera.

7. Kudzudzula ndi kuyamika

Alimi a ng'ombe za mkaka a kuno amadziwa chifukwa chake mkaka wa aliyense umayezedwa usanathiridwe m'thanki ya gulu. Chigubu chimodzi chothiridwa madzi kapena chosasa chikaloledwa chifukwa mwini wake ndi mlamu wa woyeza, mkaka wa mudzi wonse utha kukanidwa. Kulekerera mmodzi ndi kulanga onse.

M'gulu la ntchito n'chimodzimodzi. Membala amene sachita zimene adalonjeza, ngati sauzidwa kanthu, amafooketsa olimbika. Koma kudzudzula kuli ndi njira yake. Poyamba mtengereni pambali, mufunseni chimene chavuta, chifukwa nthawi zina ulesi umene tikuuona ndi matenda a m'nyumba kapena njala. Nenani za ntchito imene yalakwika, osati za mtundu wake kapena banja lake. Mugwirizane tsiku loti akonze. Akapanda kusintha, nkhani ipite ku komiti, ndipo ngati n'kofunika udindowo upatsidwe kwa wina. Imeneyi ndi njira yomwe tiphunzira pa Mateyo 18.

Koma kuba katundu wa anthu sikuthera pa kupepesa kuseri. Wotenga abweze, mudzi udziwe, ndipo nkhani ikakula ipite ku khonsolo, ku polisi kapena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB. Kukhululuka n'kwachikhristu, koma kukhululukira munthu ndi simenti ya ana a sukulu ili m'nyumba mwake ndi kuba naye limodzi.

Tisaiwale kuyamika. Ambiri m'makomiti athu salandira malipiro, chimene amapita nacho kwawo ndi ulemu. Tsiku lotsegulira, mtsogoleri wabwino amatchula maina a otunga madzi ndi oswa miyala asanatchule lake. Zinthu zikalakwika amaima patsogolo, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Zikayenda bwino amaima pambuyo.

8. Kuteteza gulu ku mphepo za ndale

Mtsogoleri wa pulojekiti amayang'ananso kumwamba: kwa mfumu, khansala, phungu, a ku khonsolo ndi mabungwe opereka thandizo. Awalemekeze, awadziwitse za ntchito pa nthawi yake, asadikire kuti amve mphekesera. Koma akhale ndi msana wokana zinthu zitatu: kusamutsa pulojekiti kupita kumene kuli mavoti m'malo mwa kumene kuli vuto, kupereka ntchito kwa kontilakita chifukwa cha chipani chake, ndi kusainira kuti ntchito yatha pamene sinathe. Siginecha yotereyi imatenga kamphindi, koma mwana amene adzakokoloke pa mlatho umenewo sadzabwerera.

Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo ambiri tidazolowera kuona chitukuko ngati mphatso ya munthu wandale. Mu 2025 bwalo lalikulu la milandu lidagamula kuti kuyendetsa thumba la CDF si ntchito ya aphungu, popeza udindo wawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma. Kaya thumbalo lili m'manja mwa yani, choona chake n'chakuti ndalamazo ndi misonkho yathu, imene timalipira tikagula sopo, shuga ndi mayunitsi. Gawo 12 la Malamulo Aakulu a dziko lino limanena kuti aliyense wogwira mphamvu za boma amangosungitsidwa ndi anthu, ndipo ayenera kuchita zinthu poyera. Ngati zili choncho kwa Pulezidenti, zili choncho kwa tcheyamani wa VDC.

9. Kumaliza ndi kusiya

Ntchito siithera pa tsiku la nthungululu. Mijigo yambiri ya Afridev imafa chifukwa cha timarabala totsika mtengo timene timatha ndi kupopa, popeza palibe amene adaphunzitsidwa kusintha, ndipo palibe thumba logulira. Mtsogoleri woona patali amakonzeratu, ntchito isanathe, za amene adzasamale, ndalama zokonzera zidzachokera kuti, ndi kumene mabuku adzasungidwe. Pomaliza apereke lipoti lonse poyera: tidalandira zakuti, tagwiritsa zakuti, zatsala izi, ngongole ndi izi. Gulu likhalenso pansi likambirane zimene zidayenda ndi zimene zidavuta, kuti komiti yotsatira isadzagwe m'dzenje lomwelo.

Ndipo nthawi ikakwana, mtsogoleri atule pansi udindo. Upampando si ufumu wobadwa nawo. Muyeso weniweni wa mtsogoleri ndi wakuti iye atachoka, ntchito ikupitirira ndipo pali awiri kapena atatu amene adawaphunzitsa oti atha kutenga malo ake.

10. Udindo wa ife otsogoleredwa

Abale ndi alongo, tisaloze chala atsogoleri okha. Timasankha munthu chifukwa watigulira mowa, kenaka timadabwa akamabweza ndalama zake pa simenti yathu. Timajomba ku msonkhano wa malipoti, kenaka timang'ung'udza ku chigayo. Timaona wilibala ya katundu ikutuluka usiku, timati za eni. Eni ake ndi ife.

Kufunsa lisiti si mwano. Kuyambira pa 30 Seputembala 2020, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito, kotero tili ndi mphamvu yofunsa ku khonsolo kuti pulojekiti ya kwathu idapatsidwa ndalama zingati ndipo kontilakita wake ndani. Tifunse mwaulemu, koma tifunse. Ndipo tikapeza mtsogoleri wokhulupirika, timuteteze, chifukwa wokana ziphuphu amakhala ndi adani, ndipo ambiri abwino amathawa maudindo poona kuti anthu amene akuwatumikira sawaimira.

11. Mau omaliza

Ana amene akuphunzirira pansi pa mtengo lero sadzabwereranso ku Sitandade 2. Mayi woyembekezera amene wapeza mlatho utakokoloka sangadikire bajeti ya chaka chamawa. Amenewa ndiwo amalipira mtengo wa utsogoleri woipa, ndipo ndiwo amayamba kukolola tikatsogolera bwino.

Tsono inu amene mwapatsidwa gulu, bwezerani kwa anthu zinthu zitatu zija zimene thangata wa atsamunda adalanda: aganize nanu, awerenge nanu, adye nanu phindu la thukuta lawo. Mukatero simudzasowa kuwathamangitsa ndi ndodo, chifukwa munthu sathawa munda wake.

Mafunso oti tikambirane m'miphakati mwathu

1. Ndi ntchito ziti za chitukuko m'dera lathu zimene zidatha bwino, ndipo ndi ziti zidalekezedwa? Atsogoleri ake adasiyana pati?

2. Kodi ndi liti pamene komiti ya sukulu, ya mjigo kapena ya tchalitchi chathu idatiwerengera ndalama poyera? Ngati papita nthawi, tipempha bwanji ndipo atipemphera ndani?

3. Posankha atsogoleri a makomiti, timayang'ana chiyani? Amayi ndi achinyamata ali ndi maudindo anji?

4. Tichita chiyani mwezi uno kuti tilimbikitse mtsogoleri wokhulupirika amene ali pakati pathu?

Mulungu, amene adatipatsa dziko lokongolali kuti tilisamale, adalitse ntchito za manja anu, ndipo apatse atsogoleri athu onse nzeru, kudzichepetsa ndi kulimba mtima.